Za Pakhomo: Foni Imaonetsa Njira, Koma Ntchito Imagwiridwa ndi Manja

Mukafika pa Mitundu tsiku la msika, kapena pa Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1, muona zinthu zomwe kale kunalibe. Mnyamata wokonza njinga zamoto za kabaza wakhala pansi pa mtengo, sipanala kumanja, foni kumanzere, akuonera kanema wa pa YouTube wosonyeza kamasulidwe ka injini. Telala akutengera masitayilo a madiresi pa WhatsApp. Mlimi wa kudimba m'mphepete mwa Diamphwe wajambula tsamba la tomato lomwe lachita mawanga n'kutumiza kwa alangizi. Anthu onsewa akuphunzira ali pantchito pomwepo.

Izi sizikuchitika kwathu kuno kokha. Mayiko omwe chuma chawo chikukwera mofulumira adaona kuti sukulu yokha siyikwanira. Dziko la India lidakhazikitsa ndondomeko ya Skill India mu 2015 pofuna kuphunzitsa achinyamata ambiri ntchito zamanja, ndipo ena mwa maphunzirowo amachitikira pa intaneti. Kuno ku Malawi, bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa mu 1999, ndipo mabwana olemba anthu ntchito amapereka msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti uthandize maphunziro a luso. Kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a luso m'madera. Pafupi nafe pa Bunda, yunivesite ya LUANAR ili ndi maphunziro omwe munthu amachita ali kwawo, n'kumapita kusukulu nthawi zina zokha. Ngakhale ana a sitandade 1 ayamba kuphunzira kuwerenga ndi masamu pa tabuleti kudzera m'ndondomeko ya BEFIT yomwe idayamba mu 2023.

Ife makolo tikuyenera kuziganizira mofatsa nkhanizi, chifukwa mwana wathu amene walemba mayeso a Fomu 4 n'kukhala pakhomo, foniyo ikhoza kumutsegulira ntchito kapena kumuthera nthawi ndi ndalama.

Choyamba, kanema amaonetsa, koma sangakonze dzanja la wophunzira likalakwitsa. Mnyamata amene waphunzira kuwotcherera zitsulo pa foni yekha saona kuti mmisiri wa m'kanemayo wavala magalasi oteteza maso. Kuwala kwa moto wowotchererawo kumapsereza maso, ndipo ululu wake umabwera usiku ngati muli mchenga m'maso. Chimodzimodzi mlimi amene waona dzina la mankhwala opopera mbewu pagulu la WhatsApp koma osamva za mlingo wake, zovala zodzitetezera, kapena masiku oyenera kudikira asanathyole ndiwozo. Safunsa adadya phula. Mwana wanu apeze mmisiri wodziwa ntchito woti azimuyang'anira, ndipo foni ikhale yowonjezera.

Chachiwiri, chenjerani ndi satifiketi zogula. Pa Facebook pamatuluka zotsatsa zolonjeza dipuloma m'masabata ochepa, bola mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Musanagulitse mbuzi, funsani ku TEVETA ngati malo ophunzitsira luso amenewo ndi olembetsedwa, ndipo ngati ndi koleji kapena yunivesite, funsani ku NCHE. Kwa amisiri omwe adaphunzirira ntchito pansi pa mtengo, TEVETA ili ndi njira yoyesa luso lomwe munthu ali nalo kale kuti alandire pepala lovomerezeka.

Chachitatu ndi thanzi. Ambiri amaphunzira usiku chifukwa masana ali kumunda, komanso chifukwa mabandulo a usiku amatsika mtengo. Koma tulo ndi mankhwala a thupi, ndipo mutu wosagona susunga zomwe waphunzira. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Poonera foni, pakatha mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chakutali kwa masekondi 20 kuti maso apume. Kwezani foniyo ifike pafupi ndi nkhope m'malo mowerama khosi nthawi yaitali, ndipo muziimirira n'kudziwongola.

Chachinayi, tidzifunse kuti foni ya pakhomo imakhala m'thumba la yani. M'mabanja ambiri imayenda ndi bambo, madzulo n'kupita kwa mnyamata, pomwe mayi ndi mtsikana amangoigwira poyankha achibale. Komatu mayi ndi amene amasamala wodwala ndi kulera mwana. Nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni, yomwe idayambira ku Balaka mu 2011, siyingamuthandize ngati foniyo ili kumsika. Gwirizanani pabanja nthawi yomwe aliyense aziigwiritsa ntchito pophunzira, ndipo ndalama ya bandulo ilowe m'bajeti ngati mmene imalowera ya sopo ndi mchere.

Nanunso amene muli ndi galaja, shopu yosokera kapena chigayo, mupatseni wantchito wanu ola limodzi pa sabata loti aphunzire chinthu chatsopano, kenako akuonetseni zomwe waphunzirazo. Ena amaopa kuti akadziwa zambiri adzachoka. Mwina adzachokadi, koma pa nthawi yonse yomwe ali nanu ntchito yanu idzakhala yolongosoka, ndipo makasitomala adzabweranso.