Asanayale Maziko, Atifunse

Inu amene mumakanda simenti, kusenza njerwa ndi kugulitsa malonda m'misewu ya Johannesburg, Bulawayo ndi Windhoek, dziwani kuti mu 2027 mayiko a South Africa, Zimbabwe ndi Namibia adzachititsa mpikisano wa dziko lonse wa kriketi. Akuluakulu adzakulonjezani ntchito ndi chitukuko. Musafulumire kuwomba m'manja, pakuti nyimbo imeneyi tidaimva kale pokonzekera mpira wa 2010.

Ku Cape Town, akuluakulu a mzindawo poyamba ankafuna kuti masewero achitikire ku Athlone, dera la anthu wamba kumene mpira uli m'magazi. Bungwe la FIFA lidakonda Green Point, pafupi ndi nyanja, pamene phiri la Table Mountain limaoneka bwino pa kanema. Bwalolo lidadya ndalama zoposa R4 biliyoni, pamene ku Delft mabanja ankakhala m'timisasa ta malata ta Blikkiesdorp. Kodi ndani adawafunsa chimene ankasowa?

Za ku Mbombela n'zowawa koposa. Ana a ku Mataffin adachotsedwa m'masukulu awo kuti bwalo limangidwe, n'kumakaphunzirira m'zipinda zongoyembekezera zotentha ngati ng'anjo. Jimmy Mohlala, sipikala wa khonsolo amene adaulula zachinyengo pa makontrakiti a bwalolo, adawomberedwa pakhomo pake mu Januwale 2009. Ndipo mu 2013 makampani 15 a zomangamanga adalipitsidwa chindapusa cha R1.46 biliyoni chifukwa chopangana mitengo mwamseri, mabwalo a mpira ali m'gulu la ntchitozo. Awatu ndi makampani a m'ntchito yomwe ija imene antchito ake pafupifupi 70,000 adachita kunyanyala mu Julaye 2009 asanawonjezeredwe malipiro ndi 12 peresenti.

Ena amati mlendo akamabwera pakhomo pamasesedwa. Zoona, koma wosesa sathamangitsa ana ake. Mlendo ndi mame. Mpikisano umatha m'masabata owerengeka, ngongole ndi bwalo lopanda anthu n'kutsalira ife.

Mwina mukuti, "Ndine wobwera, sindiponya voti kuno, ndilankhula chiyani?" Pomwepo ndi pamene amatipezerera. Mumalipira lendi mumzindamo, ana anu amamwa madzi ake, ndipo apolisi akayamba kusesa misewu, tebulo loyamba kugubuduzidwa ndi lanu. Ku Durban, khonsolo itafuna mu 2009 kugwetsa msika wa Early Morning Market ku Warwick kuti pamangidwe masitolo amakono, ogulitsa adagwirizana, adapita kukhoti, ndipo msikawo ulipobe lero.

Lowani m'mabungwe a antchito ndi a ogulitsa m'misewu tsopano, mapulani asanasindikizidwe. Pamsonkhano wa khonsolo funsani kuti ogulitsa adzaikidwa pati masiku a mpikisano, ndani adzasamutsidwe ndipo adzapita kuti, komanso ndani adzalipire zosamalira bwalo alendo atachoka. Mayankhowo awalembe papepala, asayine.