Injini ya kaunjika isagulidwe mwakhungu

Galimoto yakale ikafa injini, banja limagwa m'mavuto awiri nthawi imodzi. Ndalama zomwe galimotoyo imabweretsa zimaima tsiku lomwelo, pomwe ndalama zoti idzukire zimafunika zambiri komanso mwachangu. M'dera la T/A Khwethemule m'boma la Thyolo, monganso m'madera ena ozungulira maesiteti a tiyi, nkhaniyi si yachilendo. Pamakomo ena pali galimoto zomwe zidakhazikidwa panjerwa kalekale, matayala adagulitsidwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Wofunsa chomwe chidachitika amamva yankho limodzimodzi: injini idanoka, idagulidwa ina, nayonso sidakhalitse.

Mawu otsirizawo ndiwo akudetsa nkhawa. Injini yoyamba imafa ndi ukalamba ndipo palibe amadabwa nazo. Koma kufa kwa yachiwiri patangotha miyezi iwiri kapena itatu, ngongole yogulira isadathe, kawirikawiri ndi tsoka lomwe likadapeweka.

Kumadera amenewa galimoto si chinthu chongonyadira. Pikiapu yakale ndiyo matola onyamula nthochi, mapeyala, chinangwa ndi nandolo kupita ku Luchenza, ku Bvumbwe ngakhale ku Limbe. Corolla kapena Sienta ya pamudzi ndiyo imathamangira ndi mayi woyembekezera kuchipatala cha Malamulo ku Makwasa kapena cha paboma pakati pa usiku, ambulansi ili kutali. Fizi ya ana, feteleza ndi ndiwo zimachokera mugalimoto yomweyo. Ikaima, mudzi wonse umadziwa.

Kugula ina m'malo mwake, kwa mabanja ambiri, ndi maloto a chumba. Mphamvu ya kwacha idachepetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndipo mu Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Galimoto zimagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho mitengo idakwera nthawi yomweyo. Pamwamba pake pali msonkho wa bungwe la MRA womwe umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini yake. Nchifukwa chake munthu woganiza zosintha injini m'galimoto yomwe thupi lake likadali lolimba sakulakwa konse. Akuganiza bwino. Polakwika ndi pa kagulidwe kake.

Injini zambiri za kaunjika zimachokera ku Japan. Lamulo la kumeneko limati galimoto yatsopano ipimidwe ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako nkodula moti anthu ambiri amangoigulitsa ikayamba kukalamba. Zabwinobwino zimatumizidwa kunja zili zathunthu. Zomwe zidachita ngozi kapena zakalamba kwambiri zimaphwasulidwa, injini zake nkulongedwa m'makontena omwe amatsikira kumadoko monga Dar es Salaam, Durban ndi Beira. Zina zimadzera ku Dubai. Pakati pa injini zimenezi pali zabwino zedi zomwe zingatumikire banja zaka zambiri. Koma palinso zotheratu, ndipo zonse zikatsukidwa nkuyalidwa pansi m'shopu ku Limbe kapena ku Ndirande zimawala mofanana.

Wogula ayenera kudziwa chinthu chimodzi chomwe wogulitsa sangamuuze: injini ilibe wotchi yowerenga mtunda. Wotchiyo imatsalira mugalimoto yomwe idaphwasulidwa. Ndiye wogulitsa akati injini iyi yangoyenda makilomita 60,000 okha, amenewo ndi mawu apakamwa chabe omwe palibe angawatsimikize. Zimachitikanso kuti injini yozulidwa m'galimoto ya konkuno, yomwe idatopa ndi misewu yomweyi, imatsukidwa ndi palafini, kupakidwa penti wasiliva nkupatsidwa dzina loti yangotsika kumene kuchokera ku Japan.

Nanga wogula wochokera kwa Khwethemule amatani? Amanyamuka m'bandakucha ndi ndalama za kubanki m'khonde, ena za katapila, limodzi ndi makaniko wake. Amafuna abwerere tsiku lomwelo poopa ndalama zogonera. Amayang'ana injini kunja kokha, amatsitsako mtengo pang'ono, amalipira, nkukweza katunduyo pamatola. Lisiti palibe. Ngati ilipo, ndi kapepala kolembedwa kuti "injini imodzi" basi, kopanda nambala, kopanda dzina la shopu. Munthu yemweyo pogula mbuzi amaiyang'ana mano ndi m'maso, amafunsanso komwe yachokera. Pogula chitsulo cha mtengo wa mbuzi zambirimbiri amangokhulupirira. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Chikhalirecho kupima injini isadalipiridwe nkotheka. Makaniko wodziwa ntchito amatsegula chivundikiro cha oilo nkuona ngati mkati muli phala lakuda lomwe limasonyeza kuti mwini wake woyamba sankasintha oilo. Amazula mapulagi nkuona ngati ali onyowa ndi oilo. Amazunguza injini ndi sipanala kuti amve ngati ikuyenda mosagwira. Koposa zonse pali kachipangizo kopimira mphamvu ya mpweya m'masilinda, komwe kamaulula msanga ngati maring'i kapena mavavu adatha. Wogulitsa wokana kuti katundu wake apimidwe wanena kale zonse zofunika kumva.

Pamafunikanso kuonetsetsa kuti injiniyo ndi ya mtundu womwewo. Pathupi la injini iliyonse pamadindidwa dzina la mtundu wake ndi nambala yake. Corolla zambiri zakale zili ndi 4A kapena 5A, Probox ndi Sienta zambiri zili ndi 1NZ, pomwe Hiace ndi Hilux zakale za dizilo zimayendera 2L, 3L kapena 5L. M'galimoto za zaka zaposachedwapa injini imalamulidwa ndi kompyuta yake, ndipo kuika ya mtundu wina kumafuna kusintha mawaya, kompyutayo, poikhazika, nthawi zina ndi giyabokosi yomwe. Injini yotchipa yomwe siikugwirizana ndi galimoto imatha kudya ndalama zoposa yodula yomwe ikadangolowa bwinobwino. Ndipo iwo okonda kuika injini yaikulu kuti galimoto izinyamula katundu wambiri akumbukire kuti mabuleki amakhala akale omwe aja. Pamitsetse ya ku Thyolo, maka yolowera ku Thekerani ndi kutsikira ku Muona, vuto silikhala kukwera ayi, koma kuima.

Komabe, ngakhale injini itakhala yabwino chotani, funso lalikulu lomwe eni galimoto ambiri amalidumpha ndi ili: chidapha yoyamba ija nchiyani? Injini siifa yokha. Ku Thyolo mdani wamkulu ndi kuwira. Galimoto imakwera zitunda zazitali pagiya yoyamba kapena yachiwiri itasenza katundu woposa muyeso. Redieta imakhala yotsekeka ndi fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja. M'malo mwa madzi amankhwala oziziritsira injini, mumathiridwa madzi a mumtsinje omwe amachititsa dzimbiri nkutseka timapaipi ta mkati. Muvi wa kutentha ukakwera, dalaivala amati afike kaye pamwamba pa chitunda. Pofika pamwambapo hedi yapindika, gasiketi yapsa, madzi asakanikirana ndi oilo. Anthu a ku Thyolo safunika kuwafotokozera maonekedwe ake: oiloyo amaoneka ngati tiyi wothira mkaka.

Tsono kuika injini ina pa redieta yomweyo, mapaipi omwewo ndi fani yomweyo nkupereka injini yachiwiri kwa wakupha yemweyo. Apa mpomwe ndalama zambiri za mabanja zikuthera. Pokonza bajeti ya injini payenera kukhala ndalama ya redieta, kaya yotsukitsa kapena yogulira ina, ya mapaipi, ya pampu ya madzi, ya oilo ndi mafyuluta atsopano. Ngati injiniyo ndi yoyendera lamba wa timing, lambayo asinthidwe injini isadalowe m'galimoto pomwe ntchitoyo ili yosavuta, poti palibe akudziwa kuti adasinthidwa liti. Kampani ya Toyota imalangiza kusintha lamba ameneyu pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo pa injini za dizilo monga 2C ndi 3L akaduka, mapistoni amawomba mavavu, ntchito yonse nkubwerera pachiyambi.

Adani ena ndi odziwika. Oilo wongowonjezera osasintha, oilo wa m'mabotolo osadziwika komwe adachokera, ndi mafuta a m'zigubu omwe amachuluka nthawi ya kusowa kwa mafuta monga zidalili mu 2011 komanso kuyambira 2022. Palinso madzi. Yemwe adaona mitsinje nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa momwe timitsinje ta ku Thyolo timadzazira. Injini ikameza madzi powoloka imaima pomwepo, ndipo kuikakamiza kulira kumapinda zitsulo za mkati.

Si injini iliyonse yonoka yomwe iyenera kutayidwa. Apa amakaniko ena sakunena zoona zonse. Injini zakale monga 5A ndi 3L zili ndi thupi la chitsulo cholimba lomwe limatheka kuboola pang'ono nkuikamo mapistoni okulirapo, ndipo crankshaft imatheka kupalidwa m'mashopu a ntchitoyi mu Blantyre. Ngati thupi silidang'ambike, ovaholo yochitidwa bwino imapatsa mwini galimoto injini yomwe akudziwa chilichonse chomwe chili mkati mwake. Za mtundu wa 1NZ nzosiyana: thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo silidapangidwe kuti liziboolanso, choncho likawonongeka mkati kugula ina ndiyo njira. Makaniko woona mtima amatsegula kaye injini, kumuonetsa mwini wake chomwe chawonongeka, nkumuwerengera mitengo ya njira zonse ziwiri. Wothamangira kunena kuti tiyeni ku Limbe asadamasule ndi bawuti imodzi yomwe, mwina ali ndi kangachepe komwe akukalandira kwa wogulitsa. Alipo amakaniko aluso ndi okhulupirika pansi pa mitengo ya mango m'misika yonse ya m'bomali, ena ophunzira kudzera ku TEVETA, ena ongophunzira pamanja, ndipo dzina lawo likuipitsidwa ndi anzawo ochepa.

Mbali ina yomwe imaiwalika ndi ya malamulo. Nambala ya injini idalembedwa m'bulubuku, ndipo injini ikasinthidwa a Road Traffic ayenera kudziwitsidwa kuti mapepala agwirizane ndi chomwe chili m'galimoto. Wonyalanyaza izi amadzakumana nazo popimitsa COF, pogulitsa galimoto kapena pofuna chipukuta misozi kukampani ya inshulansi itachitika ngozi. Choopsa kwambiri nchakuti galimoto zobedwa zimaphwasulidwa nkugulitsidwa zidutswazidutswa. Munthu wopezeka ndi injini ya galimoto yobedwa, wopanda pepala losonyeza komwe adaigula, amayankha mlandu wolandira katundu wakuba ngakhale atalumbira motani kuti sankadziwa. Injini yomwe nambala yake yapalidwa kapena ikuoneka yodindidwa kachiwiri njosayenera kuigwira nkomwe, mtengo utatsika chotani.

Lisiti yolembedwa bwino, yokhala ndi dzina la shopu, tsiku, mtundu wa injini, nambala yake ndi mtengo, ndiyo chishango cha wogula pa zonsezi. Pa lisiti yomweyo palembedwenso masiku omwe wogulitsa walonjeza kuti injini ikavuta adzaisintha kapena kubweza ndalama. Masikuwo akhale okwanira, poti munthu wa kwa Khwethemule amafunika nthawi yonyamula injini, yomangitsa ndi yoiyesa pachitunda chenicheni itasenza katundu. Lonjezo la masiku atatu limatha injini isadalire nkomwe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo a anthu ogulitsidwa katundu wosayenera. Koma kaya nkubungweko kaya nkubwalo la majisitireti, funso loyamba limakhala la pepala. Wopanda pepala amabwerera kumudzi ndi misozi yokha.

Boma nalo lili ndi gawo lake. Ngati anthu ambiri akumidzi sakulembetsa injini zatsopano, si onse omwe akubisa kanthu. Ambiri sadziwa kuti nkofunika, ndipo odziwawo amaopa ulendo wa ku Blantyre, mizere yaitali ndi madobadoba omwe amadyera pa umbuli wa anthu. A Road Traffic angathandize pofalitsa m'Chichewa, pawailesi ndi pazikwangwani za m'misika, ndondomeko yonse ya kasinthidwe ka nambala ya injini pamodzi ndi mtengo wake weniweni, komanso pokhala ndi masiku ofika paboma la Thyolo kudzathandiza anthu komweko. Makhonsolo omwe amapereka ziphaso za malonda ali ndi mphamvu yonena kuti wogulitsa injini aliyense azikhala ndi buku la malisiti ndi mapepala osonyeza komwe katundu wake adachokera. Ogulitsa achilungamo sangadandaule nazo poti mapepala a MRA ali nawo kale.

Kwa banja lenilenilo, kuwerengera kuchitike ndalama isadakongoledwe. Ngati pansi pa galimoto padadyeka ndi dzimbiri, giyabokosi ikulira, mabuleki ndi masipuling'i zatha, injini yatsopano siidzapulumutsa kanthu. Pamenepo nkwabwino kugulitsa galimotoyo ngati masipeya ndalama nkulowetsa kwina, ngakhale mtima ukuwawa. Ndipo nkhani ya ngongole yaikulu chotere isakhale ya bambo ndi makaniko okha pagalaja. Mayi a m'nyumba, omwe nthawi zambiri ndiwo amakatenga ndalamazo kubanki m'khonde m'dzina lawo, ayenera kudziwa mtengo wonse ndi momwe ngongoleyo idzabwezedwere.

Ntchito ikatha, injini yakufa ija ikadali katundu wa mwini galimoto. Ambiri amaisiya pagalaja ngati chinyalala, chikhalirecho sitata, alitaneta, pampu ya mafuta, nthawi zina ndi hedi yomwe, zimakhala zamoyo ndipo zili ndi msika. Ibwerere kunyumba, kapena mtengo wake uchotsedwe pa ndalama ya ntchito ya makaniko mogwirizana, nambala yake italembedwa papepala kuti isadzatulukire m'galimoto ya munthu wina ikadali m'dzina la mwini wake woyamba.