Mkangano wa Microsoft ndi Linux ukutikhudza ife aphunzitsi a mawa

Mu 1976, Bill Gates analemba kalata yodzudzula anthu okonda makompyuta kuti akumubera pokopera pulogalamu yake osalipira. Mu 1991, Linus Torvalds, wophunzira wa ku Finland, anayambitsa Linux, yomwe aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisintha ndi kugawirako anzake. Mkangano unakula moti mu 2001 Steve Ballmer, mkulu wa Microsoft, anayerekeza Linux ndi khansa. Koma pofika 2018, Microsoft yomweyo inagula GitHub, nkhokwe yaikulu ya mapulogalamu aulerewa.

Abale ndi alongo, Gates ananena zoona pa mfundo imodzi: amene wakhetsa thukuta alipidwe. Windows yokopera mwachinyengo ndi yakuba basi, ngakhale ikhale m'kompyuta ya sukulu. Komabe sukulu yosowa ngakhale choko ingaipeze kuti ndalama ya laisensi? Apa m'pamene ndikuima ndi a Linux. Ubuntu ndi LibreOffice n'zaulere ndiponso zololedwa, ndipo mwana atha kulembera kalata ndi kuwerengetsera masamu bwinobwino.

Tiyeni tiziphunzire tisanachoke pa koleji pano. Tidzawaphunzitsa bwanji ana kukhulupirika, pulogalamu yomwe tikuphunzitsira ili yakuba?