MAU A MPHUNZITSI KWA MABANJA: Mwana wa ku yunivesite ali ndi njala



Mwezi uno wa Ogasiti, pa 27 ndi pa 28, Eklezia akumbukira mai ndi mwana wake, Monica Woyera ndi Augustine Woyera. Chifukwa chake ndati tikambirane za ana athu amene achoka pamudzi kunka ku sukulu zazikulu, zimene tizitcha mayunivesite ndi makoleji, pakuti ndaona chinthu chimene chandivuta mumtima, ndipo sindikhoza kukhala chete.

Tsiku lina Lamulungu, titatha mapemphero pa tchalitchi chathu chaching'ono, ndinaona mnyamata ataima yekha patsinde pa mtengo wa mango. Ndine amene ndinamphunzitsa katekisimu ali mwana, koma ndinatsala pang'ono kumpitirira, pakuti anali ataonda kwambiri. Chaka chimodzi m'mbuyomo mudzi wonse unakondwera pakumva kuti dzina lake latuluka pakati pa osankhidwa kunka ku yunivesite. Amai anaimba nthungululu, ndipo atsibweni ake anapha mbuzi. Ndinamfunsa kuti: "Mwanawe, kodi ulikudwala?" Iye anayankha kuti: "Iai, aphunzitsi, sindidwala. Koma kumene kuja ndidya kamodzi pa tsiku, ndipo masiku ena ndigona ndi madzi okha." Ndinati: "Nanga bwanji sunawauze makolo ako?" Iye anazolika, nati: "Ndikawaimbira foni ayamba ndiwo kundipempha ndalama za feteleza, poti anamva kuti ndalandira ngongole ya boma. Tsono ndichita manyazi."

Makolo a mnyamatayu ndiwadziwa. Ndi Akristu okoma, okonda mwana wao. Sanachite ichi chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa cha kusadziwa, ndipo kusadziwa komweku kuli m'nyumba zambiri. Ife anthu a kumudzi tikumbukirabe za kale. Pamene Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa ku Chichiri, mu mzinda wa Blantyre, m'chaka cha 1965, ophunzira ake anali ngati 90 okha. Masiku amenewo boma linali kuwagoneka ndi kuwadyetsa, ndipo womaliza maphunziro sanali kuchedwa kupeza ntchito. Ndimo m'mene unabadwira mwambo wakuyesa mwana wa ku yunivesite bwana kale, asanagwire ndi khasu lomwe la ntchito.

Zinthu zinasintha. M'chaka cha 1994 sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ndipo ana anachuluka ngati mchenga. Ana omwewo anakwera ku sekondale, nafika pa zipata za makoleji. Sukulu zazikulu nazo zinaonjezeka: ya ku Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, ya Akatolika ku Nguludi mu 2006, ya sayansi ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu. Ichi ndi chokoma, tiyamike Mulungu. Koma zipinda zogonamo sizinachuluke monga anachulukira ophunzira. Ambiri achita lendi kunja kwa mpanda wa sukulu, monga ku Chikanda ku Zomba, anai kapena asanu m'chipinda chimodzi. Adzigulira okha ufa, ndiwo, makala ndi sopo; alipira kusindikiza mapepala a maphunziro, ndiponso ayenera kukhala ndi foni kapena kompyuta ndi ndalama za intaneti, popeza aphunzitsi ao atumiza ntchito zambiri m'menemo. Ndipo kuyambira mwezi wa Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, mitengo ya zonsezi inakwera koposa.

Nanga ngongole ija? Mverani bwino. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira osowa linakhazikitsidwa mu 2015. Si onse opempha amene alandira. Kwa wolandirayo, gawo lolipirira maphunziro silifika m'manja mwake, lipita ku sukulu. Chimene agwira iye ndicho kandalama ka chakudya ndi pogona, kamene kayenera kumfikitsa miyezi yambiri. Ndiponso si mphatso iai: ndi ngongole, ndipo adzaibweza akatha sukulu. Tsono bambo wotenga ndalama imeneyi kukagula feteleza alikudya mbeu imene anayenera kubzala, nasiyira mwana wake njala lero ndi mangawa mawa.

Taganizani chimene njala ichita kwa mwana wa zaka 19 amene ali kutali ndi kwao. Mnyamata ayamba kubetcha mpira pa foni, nayembekeza kuti kandalama kake kabala, koma kathera pomwepo. Wina aleka kulowa m'kalasi kuti akagwire ganyu, nalephera mayeso, nabwera kumudzi mwakachetechete. Mtsikana apeza munthu wamkulu wa galimoto, wa msinkhu wa bambo wake, womlonjeza lendi ndi chakudya; ndipo mtengo wake muudziwa. Atagwa chotero achita manyazi kufika pa Misa ndi kukalapa, ndipo pang'ono pang'ono chikhulupiriro chizirala. Pamenepo ife kuno tiyamba kunena kuti sukulu yaikulu iononga ana. Kodi ndi mabuku amene awaononga? Kawirikawiri ndi njala, ndi kusowa wowafunsa kuti ali bwanji.

Izi si zachilendo mu Eklezia. Augustine Woyera anali mwana wa mu Afrika muno. Anabadwa m'chaka cha 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero litchedwa Algeria. Bambo wake sanali wolemera. Pamene anali ndi zaka 16 ndalama za sukulu zinasowa, ndipo anakhala pakhomo chaka chathunthu wopanda chochita, nalowa m'gulu la anyamata oipa. Pambuyo pake munthu wachuma wa m'mudzi mwao, dzina lake Romanianus, anathandiza, ndipo Augustine ananka ku sukulu yaikulu ku Carthage. Kumeneko nzeru zake zinakula, koma anatenga mkazi wosakwatirana naye, nabala mwana, natsata chipembedzo chonama zaka ngati 9. Iye mwini atakula anadandaula kuti akwao anasamala kwambiri za kupambana kwake m'maphunziro kuposa za mtima wake. Koma mai wake Monica sanamtaye. Anampempherera ndi misozi zaka zambiri, namtsata kutsidya la nyanja, kufikira anamuona alikubatizidwa ku Milan m'chaka cha 387. Mnyamata wosokera uja anakhala Episkopi wa ku Hippo ndi mphunzitsi wamkulu wa Eklezia. Onani: anafunika anthu awiri, wina wotsegula thumba, wina wosaleka kumtsata. Mwana wathu wa lero afuna awiri omwewo.

Tsono ndikupemphani zinthu zinai.

Choyamba: musapemphe ndalama kwa mwana amene akali pa sukulu. Walira mvula walira matope. Tinapempha Mulungu kuti mwana asankhidwe, tisenze tsono katundu wake kufikira atamaliza. Nthawi yake yakutithandiza idzafika.

Chachiwiri: pokolola, patulani gawo lake monga mupatulira mbeu. Ngati ndalama palibe, chimanga chilipo, nyemba, nsinjiro, mfutso ndi mbatata zilipo. Thumba limodzi la ufa lotumizidwa pa basi likhoza kupulumutsa mtsikana ku chimene simufuna kuchimva.

Chachitatu: nkhaniyi ifike ku mphakati. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tisonkha mwachangu pa maliro ndi pa ukwati. Tilekerenji kusonkha mbale imodzi imodzi ya chimanga chifukwa cha mwana wamoyo, makamaka wamasiye? Mphakati uliwonse ulembe maina a ana ake amene ali ku makoleji, uwatchule m'mapemphero, ndipo wodziwa kulemba athandize osowa kupempha ngongole tsiku lotsekera lisanapite.

Chachinai: muzimfunsa mwana wanu mafunso oona. Musalekere pa kufunsa za mayeso pokha. Mfunseni kuti wadya chiani dzulo, agona ndi yani, apemphera kuti. Pa sukulu zazikulu pali magulu a ophunzira Achikatolika ndi ansembe owayang'anira. Muuzeni akadzionetse kwa iwo sabata yoyamba, ndipo Bambo Mfumu a parishi yanu akhoza kumlembera kalata. Ndipo ngati wagwa kale, musamtsekere chitseko, Monica sanatseke.

Kwa inunso ana athu ophunzira, amene mudzawerenga mau awa pa tchuthi, ndinena ichi: umphawi si tchimo, ndipo kunena kuti "ndili ndi njala" si chamanyazi. Nenani zoona kwa makolo anu. Afotokozereni mtengo wa lendi ndi wa chakudya. Musabise, pakuti chobisika sichipeza mankhwala.

Mnyamata uja ndinanka naye kwa makolo ake madzulo a tsiku lomwelo, ndipo anafotokoza zonse. Mai wake analira. Bambo wake anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anauka nakatsegula nkhokwe. Mphakati unasonkha nyemba ndi ndalama za ulendo. Sindidziwa ngati zidzamkwanira chaka chonse, pakuti nkhokweyo si yaikulu. Koma anabwerera ku sukulu wodziwa kuti sali yekha.

Monica Woyera apempherere amai ndi abambo onse amene ana ao ali kutali, ndipo Augustine Woyera apempherere ophunzira athu. Mulungu akudalitseni nonse kufikira tidzachezanso mwezi wa mawa.

Ndine mtumiki wanu mwa Ambuye,
Mphunzitsi wa katekisimu