Chipolopolo chimene chimapweteka chisanawombedwe

Sabata yatha ndikuphunzitsa za zitsulo m'kalasi la Fomu 3, mnyamata wina anakweza dzanja n'kunena kuti mtovu amaudziwa bwino, agogo ake amasungunula wa m'mabatire akutha n'kupangira zipolopolo za gogodela. Anzake anaseka. Ine kuseka kunandikanika, abale anga.

Za mfuti sindikhalapo nthawi. Lamulo lathu la Firearms Act silola munthu kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo, ndipo gogodela ndi mfuti basi, ngakhale mwini wake anene kuti ndi yoopsezera anyani ku dimba. Ku America kuli anthu amene kudzadzanso zipolopolo ndi masewera awo, amagula mtovu woumbiratu kusitolo. Kuno ku Nambuma sitolo yake ndi batire ya galimoto kapena ya sola imene yasiya kusunga moto.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi mtovuwo. Umasungunuka pa madigiri 327, moto umene mbaula ya makala imafikitsa mosavuta. Ndiye munthu amaswa batire pabwalo, asidi n'kutayikira pansi pamene nkhuku zimatola, kenako chitini pa mbaula yomwe ija mayi aphikirepo nsima madzulo. Fumbi lake limatsalira m'dothi zaka ndi zaka, chifukwa mtovu suola. Mwana wokwawa amagwira dothi n'kuika chala m'kamwa. Thupi la mwana limayamwa mtovu wambiri kuposa la munthu wamkulu, ndipo umakawononga ubongo. A WHO amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza.

Izitu si nthano za m'buku la sayansi. Ku Thiaroye-sur-Mer, mumzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 kaamba ka mtovu wa m'mabatire amene anthu ankaswa pafupi ndi nyumba zawo. Kwa anansi athu ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma ana akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi.

Monga mphunzitsi, chimene chimandipweteka ndi chakuti mtovu wochepa suonetsa chilonda. Mwana amangokhala woiwalaiwala, wosachedwa kukwiya, wovutika kuwerenga. Ife timamulemba kuti ndi waulesi, makolo amati akumulodza. Sindikunena kuti aliyense wolephera mayeso wadya mtovu, ayi. Njala ndi kusowa mabuku zilipo. Koma ichi ndi chimodzi chimene tikanachipewa popanda kudikira boma.

Wina anena kuti agogo akhala akusungunula mtovu kuyambira kale ndipo ali bwinobwino. Inde, koma kale batire m'mudzi inali ya mwini chigayo kapena wa galimoto. Lero nyumba zambiri zili ndi sola, ndipo batire iliyonse tsiku lina idzatha. Zidzapita kuti?

Maganizo anga ndi akuti ogulitsa mabatire azikakamizidwa kulandira yakale pamene munthu akugula yatsopano, n'kumuchotserako mtengo. Mafumu nawonso aletse kuswa mabatire pakhomo, monga amaletsera ziweto kulowa m'minda ya eni.

Mnyamata uja ndamupempha kuti tikacheze ndi agogo ake Loweruka likudzali. Wandichenjeza kuti ndisakayambe ndi nkhani ya mfuti, akandithamangitsa. Ndikayamba ndi kufunsa za mdzukulu wawo wamng'ono amene wangoyamba kukwawa.