Bwalo la mfumu si poloti yogulitsa

Ogasiti akamatha, Achewa ambiri a muno mu Blantyre amasonkha ndalama, kuchita hayala basi, ulendo wa ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia. Sapitira kukaona kukongola kwa nyumba ya Kalonga Gawa Undi. Amapita chifukwa Kulamba kumachitikira pamenepo: mafumu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amafika ndi mphatso, kufotokoza mmene anthu awo akukhalira, gule wamkulu nkumatimba fumbi. Atsamunda ataletsa mwambowu mu 1934, unadzayambiranso mu 1984. Angoni a Maseko nawonso amasonkhana pa mwambo wa Umhlangano kwa Nkolimbo ku Ntcheu, pomwe pali manda a Gomani Chikuse, amene Angerezi anamupha mu 1896. Mutasamutsira Umhlangano ku holo ya hotela ku Limbe, pangatsale zikopa ndi zishango zokha.

Tsono kwathu kuno nanga? Blantyre sanayambe ndi Victoria Avenue. Amishoni a ku Scotland atafika mu 1876, malo anawapatsa ndi mfumu Kapeni. Ufumu ulipobe m'Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ndipo ngakhale lamulo la mafumu la 1967 limawaletsa kulamulira mkati mwa mzinda popanda chilolezo cha khonsolo, maliro akagwa sitithamangira kwa khansala. Timayamba tagogoda kwa mfumu.

Vuto ndi pomwe tikugogodapo masiku ano. Ine ndaperekezako anamfedwa kukapempha manda pakhomo pa mfumu ina kuno. Tinapeza mpanda wa njerwa, pamwamba magalasi osweka, geti lokhoma. Mwana anasuzumira pakabowo nkufunsa kuti tikufuna ndani. Tinavula zipewa tili mumsewu, kabaza akutiimbira belu kuti tipatuke. Titalowa, amayi anasowa poyala chitenje, pakuti pomwe panali bwalo pali mdadada wa nyumba za lendi. Nduna inalandira uthenga itatsamira khoma la bafa.

Ena anena kuti mfumu nayo ndi munthu, akuba sasankha khomo, ndipo mswahala sukwanira ngakhale kulipirira ana sukulu. Ndi zoona, mpanda sindikuutsutsa. Chipinda chogona ndi cha mfumu ndi banja lake, atseke mmene angafunire. Koma bwalo, kamtengo ka mthunzi kaja, pokhalira nduna, pogwadira wodandaula, zimenezo mfumu inangozipeza ndipo idzazisiya. Pamenepo ndi pomwe amalongera ufumu, pomwe anamwali amaonekera akatuluka, pomwe mlandu wa malire umakambidwa aliyense akumva. Mlandu womwewo ukakambidwira pabalaza, anthu anayi atakhala pa sofa, wogonja amatuluka akunena kuti pagwa chinyengo, ngakhale pasakhale. Ndipo chabwalo timalipirabe, bwalolo kulibe!

Kawirikawiri amene amagulitsa si mfumu yolamulayo. Mfumu ikamwalira, mpando nkumaulimbirana zaka kukhoti, ana ndi adzukulu amagawana malo ngati chuma chamasiye, bwalo nkulowa momwemo. Wolowa ufumu amapeza dzina lokha.

Mabanja achifumu a muno apatule bwalo kumalo a banja, alilembetse m'dzina la ufumu, osati la munthu, kuti wina asadzaligulitse pakati pa mikangano. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre, imene imadalira mafumu omwewa pofalitsa uthenga wa kolera ndi katemera, ikane mapulani a nyumba yomangidwa pabwalo lotere, monga iyenera kukanira womanga pamanda.