Chitsulo cha kutsogolo kwa galimoto chikuteteza yani?

Nyengo yogulitsa fodya, soya ndi mtedza ikafika pachimake, pa Mponela, Jenda, Lizulu ndi Lunzu pamayamba kuoneka mapikiapu achilendo. Ambiri mwa iwo ndi oyendapo kale, ochokera ku Japan kapena ku South Africa, ndipo banja limakhala lagula litasunga ndalama kwa zaka zingapo. Sabata isanathe galimoto ija imapezeka ili kuseri kwa msika, kwa owotcherera zitsulo, akuyiika chitsulo cha kutsogolo chija amati bull bar. Mwini wake amati akuteteza chuma chake ku ng'ombe ndi mbuzi za mumsewu. Nkhawa yakeyo ndi yomveka ndithu. Koma banja lisanalipire mmisiri, lidzifunse kuti galimotoyi ikadzagunda chinthu tsiku lina, chinthucho chidzakhala chiyani.

Zitsulozi zidatchuka ku Australia, komwe ena amazitcha roo bar chifukwa cha nyama ya kangaroo yomwe imadumphira mumsewu kukamada. Kumeneko munthu amayenda makilomita mazanamazana osaona mudzi, ndipo lediyeta ikabooka m'chipululu moyo wake uli pachiswe. N'chifukwa chake makampani otchuka pa zitsulozi, monga ARB ndi TJM, ndi a m'dzikolo. Msewu wa M1 ndi nkhani ina. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre, n'kovuta kuyenda mphindi zingapo osadutsa munthu m'mbali mwa phula. Pa tsiku la msika pamakhala mayi wosenza dengu la tomato, ana ochokera kusukulu, wakabaza wonyamula kasitomala, mnyamata wothamangira minibasi ndi mbale ya zitumbuwa. Ng'ombe ilipo inde, koma pa anthu zana omwe dalaivala awadutse, mwina aona imodzi.

Bampala yapulasitiki yomwe galimoto imabwera nayo anthu ambiri amainyoza, amati ndi chipepala. Kufewa kwakeko n'kwadala. Opanga galimoto amakonza kutsogolo konse, kuyambira bampala mpaka boneti, kuti kuzifwanyika pa ngozi, chifukwa chitsulo chikamapindika chimamwa mphamvu yomwe ikadalowa m'thupi la munthu. Woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto wamba kawirikawiri amagwera pa boneti, ndipo bonetiyo imabonyoka n'kumulandira. Paipi yowotcherera siibonyoka. Mphamvu yonse imasonkhana pa kachigawo kakang'ono ka thupi, ndipo poti magalimoto a m'tchire ndi aatali, paipiyo imapeza munthu wamkulu m'chiuno kapena pachifuwa, pomwe mwana wa sitandade 2 imam'peza m'mutu. Mmalo mogwera pa boneti, wogundidwayo amakankhidwira kutsogolo n'kugwera pansi, pomwe matayala akubwera.

Mwina wina anganene kuti zimenezo n'za woyenda pansi, iye akuteteza banja lake lomwe lili m'katimo. Apanso masamu ake salondola. Chitsulo cholimba chikawotchereredwa pa chasisi, mphamvu yochuluka ya kugundako imatha kudutsa mpaka kukafika kwa okwera. Zikwama za mpweya zija amati airbag zimaphulika motsatira tizipangizo tomwe timayeza mmene galimoto yaimira mwadzidzidzi, ndipo tizipangizoti tidayesedwa ndi bampala ya kufakitale. Kutsogolo kukasinthidwa, chikwama chingathe kuphulika pa kugunda kwakung'ono kapena kuphulika pa nthawi yolakwika pa ngozi yeniyeni. Ngakhale thumba la mwini galimoto silipulumuka: ngozi yomwe ikadangoswa bampala ndi nyali imodzi imatha kupinda chasisi, ndipo pikiapu yopindika chasisi imadya matayala mpaka mwini wake kutopa nayo.

Palinso kulemera. Bull bar yachitsulo imalemera ngati thumba la chimanga la makilogalamu 50 kapena kuposa, ndipo akaikaponso winchi thumbalo limayandikira awiri. Katundu ameneyu amakhala kutsogolo kwenikweni kwa matayala usana ndi usiku, kulemetsa masipuling'i ndi mashoko, kuonjezera mafuta. Nyali zikuluzikulu ndi mawaya osefa omwe ena amamangirirapo zimatchinga mphepo yopita ku lediyeta, injini n'kumatentha pokwera phiri ndi katundu.

Maiko ena adaiona kale nkhaniyi. Bungwe la European Union lidakhazikitsa lamulo la zitsulozi mu 2005, lofuna kuti ziziyesedwa kaye ngati sizivulaza kwambiri oyenda pansi, ndipo ku Britain kugulitsa zomwe sizidapambane mayesowo kudaletsedwa mu 2007. Boma la India lidalamula mu December 2017 kuti zichotsedwe pa magalimoto. Ngakhale ku Australia komwe zidachokera, kuli muyezo wa 2002 wofuna kuti chitsulo chizitsata maonekedwe a galimoto, chisakhale ndi nsonga kapena ngodya zakuthwa, komanso galimoto ya airbag imafunika chitsulo chogwirizana ndi airbag yakeyo. Eni ake a luso limeneli amaliopa, pomwe kuno mmisiri amangoyeza ndi tepi, kudula paipi ya madzi, n'kupaka penti yakuda.

Tsono pabwera china chatsopano chomwe mabanja ambiri sakuchidziwa. Magalimoto a zaka zaposachedwa amatha kuona okha zomwe zili kutsogolo. Kampani ya Volvo idayamba kuika mabuleki odzigwira okha otchedwa City Safety mu 2008, ndipo Toyota idatulutsa Toyota Safety Sense mu 2015. Kuyambira July 2024, galimoto yatsopano iliyonse yaing'ono yogulitsidwa m'maiko a European Union iyenera kukhala ndi mabuleki otere. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva: pamwamba pa galasi la kutsogolo pali kamera, ndipo m'magalimoto ambiri kuseri kwa chizindikiro cha kampani kuli kachipangizo ka radar koyeza mtunda. Galimoto ikaona kuti ikuyandikira chinthu mothamanga imaliza belu, ndipo dalaivala akapanda kuchitapo kanthu imagwira yokha mabuleki. Nthawi zina imaimiratu, nthawi zina imangochepetsa liwiro, koma kuchepetsako n'komwe kumasiyanitsa chipatala ndi manda.

Magalimoto oterewa ayamba kulowa pa Songwe, Dedza ndi Mwanza. Munthu amalipira ndalama zake zonse, kuphatikizapo za zipangizozi, kenako n'kupita kwa owotcherera kukaika paipi kapena nyali patsogolo penipeni pa radar. Galimoto imadandaula pa dashibodi, koma uthengawo umakhala m'Chijapani, ndiye mwini wake amangouzolowera ngati kanyali kokongoletsa. Wagula mlonda n'kumumanga nsalu m'maso.

Izi sizikutanthauza kuti zipangizozi ndi mankhwala a ngozi zonse. Matope ndi fumbi zikamata pa kamera kapena pa radar, siziona. Usiku mphamvu yake imachepa, makamaka pa munthu wovala zakuda kapena njinga yopanda nyali, omwe ndi ambiri m'misewu ya kuno. Chipangizo chochenjeza kuti galimoto yatuluka mu mzere wake chimadalira mizere yopentedwa, ndipo msewu wa fumbi wopita kumunda ulibe mzere. Galasi la kutsogolo likasinthidwa, kapena galimoto ikakwezedwa ndi masipuling'i aatali, kamera imafunika kuikonzanso ndi makina a galaja yodziwa ntchitoyi. Wogula afunse zimenezi asanapereke ndalama, ndipo ngati bajeti ilola kusankha pakati pa galimoto yokhala ndi mabuleki odzigwira ndi ina yokhala ndi mipando yachikopa, asankhe mabuleki.

Kunena mwachilungamo, alipo omwe chitsulochi amachifunadi. Ambulansi ya chipatala cha kumudzi yomwe imanyamuka pakati pa usiku, galimoto ya oyang'anira nyama ku Nyika, Vwaza kapena Kasungu, wogula mbewu yemwe amalowa m'misewu ya m'tchire sabata ndi sabata, kapenanso woyenda madzulo ku Chikwawa ndi Nsanje komwe ng'ombe zimadutsa mumsewu zili gulu. Kwa amenewa lediyeta yobooka ingatanthauze wodwala kugona panjira. Koma ngakhale iwo asatole chilichonse. Chitsulocho chikhale chopangidwira mtundu weniweniwo wa galimoto, chokhala ndi umboni wolembedwa wakuti chimagwirizana ndi airbag komanso sichitchinga radar. Chimangidwe ndi mabawuti pamalo omwe opanga adakonza, osati kuwotcherera pa chasisi. Chikhale chobulungira, chosapendekera kutsogolo, chosatalika kuposa boneti, chopanda ngowe kapena mbedza zotuluka. Zilipo za aluminiyamu zopepuka, komanso za pulasitiki yolimba yomwe imabonyoka n'kubwerera, ndipo zapulasitikizi zimavulaza munthu mocheperapo poyerekeza ndi zachitsulo.

Ndipotu amene amayendadi m'misewu yoipa amadziwa kuti galimoto imavulala kwambiri kunsi kusiyana ndi kumaso. Mwala wobisala m'matope umaboola sampu, oilo n'kutayika, injini n'kufa. Chitsulo chophwatalala chotchinga kunsi kwa injini chimathetsa vuto limeneli popanda kuopseza aliyense pamsika. Chimodzimodzinso ngowe zokokera zomangidwa bwino pa chasisi: m'nyengo ya dzinja galimoto ikatitimira, chingwe chomangidwa pa bull bar yowotcherera chimatha kuizula n'kuiponyera pa anthu omwe abwera kudzathandiza kukankha.

Kwa pikiapu ya banja yomwe ntchito yake n'kupita kuchigayo, kutchalitchi, kumsika ndi kukatenga feteleza, ndalama ya chitsulo ili ndi kopita kwabwino. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, ndiye kuti dalaivala akangocheukira foni watha kale mtunda wa nyumba ziwiri. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain limaonetsa kuti pa liwiro la makilomita 48 pa ola galimoto imafuna mamita 23 kuti iime, koma pa makilomita 96 imafuna mamita 73. Amenewo ndi masamu a phula louma, matayala abwino ndi mabuleki ogwira. Pa msewu wa miyala, ndi matayala a kaunjika osalala ngati mbale, matumba 20 a chimanga ali kumbuyo, mtundawo umatalika kwambiri. Matayala, mabuleki, mashoko ndi nyali zowala bwino zimathandiza kuti ng'ombe ija isagundidwe n'komwe.

Pali chinanso chomwe aliyense wokhala pafupi ndi msika adachionapo: dalaivala wa galimoto ya chitsulo amalimba mtima. Amalowa pa trading centre osatsitsa liwiro, dzanja lili pa hutala, podziwa kuti aliyense amuthawa. Lipoti la bungwe la World Health Organisation la 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. M'tauni yaing'ono wogundidwayo sakhala mlendo. Amakhala mwana wa mnzako wa kumpingo kapena mayi yemwe banjalo limagulako ndiwo. Pambuyo pake pamabwera bokosi, chakudya cha pamaliro, milandu ya kukhoti, galimoto itaima ku polisi miyezi, ndi mabanja awiri omwe sadzapatsananso moni. A inshulansi nawo amafunsa ngati adauzidwa za kusintha komwe kudachitika pa galimotoyo.

Akuluakulu a Road Traffic, omwe amayeza mabuleki ndi nyali asanapereke COF, akuyenera kumayang'ananso kutsogolo kwa galimoto ndi kubweza zitsulo za nsonga, zopendekera kutsogolo ndi zowotcherera pa chasisi ya galimoto ya airbag. Owotcherera sadzasowa ntchito: makalavani a kumbuyo, mageti, mafelemu a mawindo ndi zotchinga kunsi kwa injini zikuwadikira. Ndipo poti ndalama yogulira pikiapu idachokera m'munda momwe banja lonse lidalima, mayi wa pakhomo ali ndi ufulu wofunsa bambo, asanapite kwa mmisiri, kuti chaka chathachi galimoto ya mnzawo wa pafupi idakumana ndi ng'ombe kangati, nanga idadutsa pakati pa msika kangati.